Kuiwalaiwala: Kodi Kukhala Chete ndi Ulemu?



Pali matenda ena amene timawanena mokweza, ndipo pali ena amene timangowanong'ona. Munthu akadwala malungo amauza aliyense wokumana naye panjira. Za BP ndi shuga masiku ano timakambirana momasuka pamaliro, kuchigayo, ngakhale pabwalo la tchalitchi, mpaka kufunsana kuti, "Kodi inu akukupatsani mapiritsi anji?" Koma mutu ukayamba kutaya zinthu, tonse timatseka pakamwa. Mayi wodziwika ndi changu akayamba kupsereza ndiwo kawirikawiri, kusokoneza chenje pamsika, kapena kufunsa funso lomwelo kanayi tiyi asanazizire, mwini wake amabisa, ana ake amamubisira, ndipo ife anzake timangoyang'anizana ndi kunena chamumtima kuti, "Si bwino kuwachititsa manyazi akuluakulu." Kukhala chete kumeneku timakutcha ulemu.

Funso limene ndikufuna kuti tiliganizire pamodzi ndi ili: kodi umenewu ndi ulemudi? Munthu akaona kuti nzeru zake zayamba kufooka, kodi ndi udindo wake kukaonana ndi achipatala, kapena ndi nkhani yake yekha imene angaisunge mumtima? Nanga ife amene tikuona, chikondi chikutiuza kuti tilankhule kapena tikhale chete? Ndikulemba ngati namwino wopuma pantchito, komanso ngati mayi amene wadutsa zaka 60, amene nkhaniyi siili kutali ndi khomo lake.

Si kuiwala konse kumene kuli matenda

Poyamba tisaopsezane. Munthu aliyense amaiwala. Kuiwala pamene mwaika makiyi n'kudzawapeza m'thumba la diresi ya dzulo, kapena kusowa dzina la munthu amene mwakumana naye kumsika kenaka dzinalo n'kubwera lokha madzulo mukutsuka mbale, zimenezi n'zachibadwa, ndipo zimachuluka tikamakula.

Kuiwala kofunika kuchitapo kanthu n'kosiyana. Ndi pamene munthu wagwira makiyi m'manja koma sakudziwa kuti ntchito yake n'chiyani. Ndi pamene wasochera panjira imene wakhala akuyenda zaka 30. Ndi pamene ntchito imene ankaichita mosaganizira, monga kuphika nsima, kuwerengera ndalama za geni kapena kudula nsalu, yayamba kumukanika. Mawu wamba amathawa pakamwa, tsiku ndi mwezi zimasokonekera, ndipo nthawi zina khalidwe limasintha: wofatsa ayamba ukali, wokonda anthu ayamba kudzitsekera m'nyumba. Palinso ena ocheperapo msinkhu, aphunzitsi, alembi, anamwino, amayi a geni, amene amadandaula kuti mutu suli ngati kale. Amawerenga tsamba limodzi katatu osatolapo kanthu, ndipo pamsonkhano maganizo amangouluka. Chizindikiro chachikulu ndi ichi: vutolo likukulirakulira, likusokoneza ntchito za tsiku ndi tsiku, ndipo anthu apafupi nawonso aliona.

Zifukwa zimene timakhalira chete

Chifukwa choyamba ndi manyazi. Kwathu kuno chilichonse chokhudza mutu timathamangira kuchitcha misala, ndipo munthu akangomva kuti akaonane ndi a matenda a maganizo amaona ngati akumutumiza ku Zomba kuti akatsekeredwe. Mayi amene wakhala mlangizi wa anzake zaka zambiri amaopa kuti mawu ake sadzamvekanso. Mantha amenewa si opusa, chifukwa anthu amasekadi. Koma ubongo ndi chiwalo cha thupi monga mtima, chiwindi ndi impso. Umafuna magazi, chakudya ndi tulo, ndipo umadwala monga ziwalo zinzake. Amene sachita manyazi ndi bondo lotupa alibe chifukwa chochitira manyazi ndi ubongo wotopa.

Chachiwiri ndi mawu aja akuti, "Ndi ukalamba basi." Mawu amenewa amamveka okoma mtima, koma kawirikawiri amatseka chitseko chimene chikanapulumutsa munthu. Tonse tikudziwa agogo a zaka 90 amene amatchula maina a zidzukulu ndi zidzukulutudzi zonse osaphonya, amene amakumbukira malire a minda kuposa anyakwawa. Ukalamba umachedwetsa nzeru, koma suzifafaniza. Zikayamba kufafanizika, pali china chimene chikuchitika.

Chachitatu chimatikhudza ife anthu opemphera. Ena amaona ngati kupita kwa dokotala ndi nkhani ya maganizo n'kuchepa kwa chikhulupiriro, amati tingopemphera. Tiyeni tipemphere ndithu, ndipo tisaleke. Koma tikumbukire kuti Mpingo wathu sunalekanitsepo guwa ndi chipatala. Makolo athu m'chikhulupiriro anamanga St Peter's ku Likoma, St Anne's ku Nkhotakota, St Martin's ku Malindi ndi St Luke's ku Malosa pafupi ndi nyumba zopemphereramo, ndipo Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali sing'anga. Palibe mmodzi mwa ife amene mwana wake atathyoka mkono angakane pulasitala ponena kuti akudikira yankho la pemphero. Nanga bwanji mutu wokha ndi umene tiziumana thandizo?

Zimene achipatala angapeze

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, amayi, chifukwa yankho la funso lathu lagona pamenepa. Anthu ambiri amaganiza kuti kuiwalaiwala kuli ndi gwero limodzi ndipo kulibe mankhwala. Si choncho ayi. Kuiwala kuli ngati kutentha thupi: ndi chizindikiro, ndipo zoyambitsa zake n'zambiri. Zina mwa izo zimachizika.

Matenda ovutika maganizo ndi amodzi mwa zimenezi. Mayi amene wataya mwamuna, kapena wakwirira ana ake n'kutsala ndi ana amasiye oti alere, akhoza kuyamba kuiwala, kusowa tulo, kusafuna chakudya ndi kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Anthu amati wakalamba, pamene chenicheni n'chakuti mtima walemedwa mpaka kudwala. Akalandira uphungu ndi mankhwala, nthawi zambiri nzeru zimabwerera. Nkhawa ya ngongole, kusagona mokwanira, ndi nyengo ija imene mayi amasiya kusamba, zonsezi zimachititsanso chifunga m'mutu, ndipo kwa amayi ambiri chifunga cha nyengo imeneyi chimadzayera.

Palinso za m'magazi ndi za chakudya. Kuchepa kwa magazi kumafooketsa thupi ndi mutu womwe. Kusowa kwa vitamini B12 kumabweretsa kuiwala ndi dzanzi kumapazi, ndipo kumapezeka mwa okalamba, mwa amene sadya nyama, nsomba, mazira kapena mkaka, komanso mwa ena amene amwa mankhwala a shuga a metformin kwa zaka zambiri. Chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kaja, chikamagwira ntchito mofooka, munthu amakhala wozizidwa, waulesi ndi woiwala. Ndipo pali matenda a pelagra amene ife odya nsima tiyenera kuwadziwa bwino. Amabwera munthu akamadya chimanga chokhachokha popanda ndiwo zokwanira. Khungu la pakhosi ndi la kumanja, pamene pamawomba dzuwa, limada ndi kukakala ngati lapsa, munthu amatsegula m'mimba, kenaka mutu umasokonekera. M'chaka cha 1990 anthu opitirira 18,000 mwa abale athu othawa nkhondo ku Mozambique anadwala matendawa m'misasa ya kuno ku Malawi, mtedza utasowa pa chakudya chimene ankalandira. Mankhwala ake ndi vitamini wotchipa pamodzi ndi ndiwo monga mtedza, nyemba, usipa ndi nyama. Taganizani munthu kutchedwa wamisala chifukwa chosowa nsinjiro.

Kachilombo ka HIV kakapanda kugonjetsedwa ndi mankhwala kamafika ku ubongo, chimodzimodzinso chindoko chimene chinagona m'thupi zaka zambiri osachizidwa. Zonsezi zimadziwika poyeza magazi, ndipo ukalamba si chifukwa chokanira kuyezetsa. Mowa, makamaka kachasu, umadya ubongo pang'onopang'ono. Mankhwala enanso amene timamwa amaphimba nzeru za munthu wachikulire, monga ogonetsa a diazepam, a chimfine a Piriton, ndi amitriptyline. Koma chonde, musasiye nokha mankhwala amene munapatsidwa kuchipatala. Kafotokozeni, iwo ndi amene angasinthe kapena kuchepetsa. Wokalamba amene anagwa n'kumenyetsa mutu akhoza kuoneka bwinobwino, koma magazi n'kumachucha pang'onopang'ono mkati mwa chigaza, ndipo pakatha masabata angapo ayamba kusokonekera ndi kugonagona. Opaleshoni imatha kumubwezeretsa. Pomaliza, ena amene timati akuiwala kwenikweni sakumva kapena sakuona bwino. Chimene khutu silinamve, mutu sungachisunge.

Pali mtundu umodzi wa kusokonekera umene sufuna kudikira ngakhale tsiku limodzi. Munthu amene dzulo anali bwinobwino, lero sakuzindikira anthu, akulankhula zosamveka kapena akungosinza, muthamangire naye kuchipatala. Akhoza kukhala malungo, chibayo, matenda a m'njira ya mkodzo, matenda oumitsa khosi, shuga wotsika kwambiri kapena sitiroko. Pamenepa kuchedwa n'kuika moyo pachiswe.

Tsono onani kumene ulemu wathu uja ungatifikitse. Pofuna kumuteteza munthu kumanyazi, tikhoza kumusiya zaka akuvutika ndi chinthu chimene jakisoni wa vitamini, mapiritsi a chithokomiro kapena uphungu zikanachotsa. Pajatu safunsa anadya phula.

Nanga akapeza matenda osachizika?

Pano pali funso lovuta, ndipo sindikufuna kulilambalala. Wina adzati, "Chabwino, koma bwanji akakapeza kuti ndi matenda aja osachizika? Kudziwa kudzandipindulira chiyani? Si bwino kodi kukhala osadziwa, n'kudya masiku anga mumtendere?"

Matenda amenewo alipodi. Madokotala amawatcha dementia, ndipo ndi kuwonongeka kwa ubongo kumene kumapitirira pang'onopang'ono. Mtundu wake wofala kwambiri ndi wa Alzheimer, dzina lochokera kwa dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, amene mu 1906 anafotokoza za mayi wina, Auguste Deter, yemwe anamuona koyamba ku Frankfurt mu 1901 ali ndi zaka 51 zokha. Mtundu wina umabwera chifukwa cha kuwonongeka kwa mitsempha ya magazi ya mu ubongo, makamaka mwa odwala BP ndi shuga. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2021 anthu 57 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse anali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Choncho si matenda a azungu monga ena amanenera. Bungwe lomweli likuti amayi ndi amene amakhudzidwa kwambiri, ndiponso ndi amene amasenza gawo lalikulu la ntchito yosamalira odwalawa.

N'zoona kuti mankhwala ochiziratu matenda a Alzheimer palibe. Alipo ena, monga donepezil, amene amachepetsako zizindikiro kwa kanthawi mwa odwala ena. Komabe ine ndikuti kudziwa kuli ndi phindu, ndipo ndipereka zifukwa zitatu.

Choyamba, pali zimene zingachitike kuti ubongo usawonongeke msanga. Mu 2024 gulu la akatswiri losonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet linatchula zinthu 14 zimene zimakulitsa chiopsezo cha matendawa, ndipo linati zitathetsedwa, pafupifupi 45 mwa odwala 100 alionse akanapewa matendawa kapena akanachedwa kuwadwala. Zina mwa izo ndi BP, shuga, fodya, mowa wambiri, kunenepa kwambiri, kusayendayenda, kuvulala m'mutu, kusamva, kusaona bwino, mpweya woipa, kuvutika maganizo ndi kukhala wekhawekha. Zambiri mwa izi zili m'manja mwathu. Munthu amene mitsempha ya mu ubongo yayamba kuwonongeka, akamamwa mankhwala a BP mokhulupirika amadziteteza ku sitiroko ina imene ikanamulanda zambiri.

Chachiwiri, kudziwa msanga kumapatsa munthu mpata wolankhula mawu ake akadali ndi mphamvu. Akhoza kulemba wilo, kuonetsa ana malire a munda, kusankha yekha munthu wokhulupirika womusungira ndalama za kubanki ndi za pafoni, kunena kumene akufuna kukhala ndi amene akufuna kuti adzamusamale. Akhoza kukhululukirana ndi amene anayambana nawo. Amene abisa amataya mpata umenewu, ndipo zosankha zake zimadzapangidwa ndi ena, mwina ndi omwewo amene akuyang'ana chuma chake. Ronald Reagan, amene anali mtsogoleri wa dziko la America, analembera anthu a dziko lake kalata mu November 1994 kuwauza kuti wapezeka ndi matenda a Alzheimer. Anakhala ndi moyo zaka zina pafupifupi 10, koma anatsanzika yekha, ndi dzanja lake, nzeru zikadalipo.

Chachitatu, dzina la matenda limabweretsa mtendere m'banja. Wodwala akaika ndalama pansi pa mphasa n'kuiwala, amati zabedwa, ndipo woyamba kulozedwa chala amakhala mpongozi kapena mdzukulu amene amamusamala. Akaiwala kuti wadya, amauza alendo kuti akumumana chakudya. Pa ntchito yanga ndinaona abale akudana, maukwati akugwedezeka, chifukwa cha mawu a munthu amene sankanama dala koma ankadwala. Banja likauzidwa kuti awa ndi matenda, mkwiyo umasanduka chifundo. Wosamala uja amaleka kudzifunsa kuti, "Ndinawalakwira chiyani amayi?"

Dzina la matenda ndi chishango

Pali chifukwa china chachikulu kuposa zonsezi, ndipo n'chomvetsa chisoni. Odwala matendawa amakonda kusokonekera kwambiri dzuwa likamalowa. Amadzuka usiku n'kutuluka panja, mwina osavala bwino, akufunafuna kwawo kumene anabadwira. Amalankhula ndi anthu amene anamwalira kalekale ngati ali pomwepo. Akafunsidwa mafunso mowaopseza amavomera chilichonse. Tsono taganizani gogo wotereyu atapezeka mbandakucha kuseri kwa nyumba ya eni, kapena pafupi ndi manda. Inu mukudziwa dzina limene adzapatsidwe dzuwa lisanakwere.

Dziko lino silinaiwale zimene zinachitika ku Neno mu January 2016, pamene anthu anayi okalamba anaphedwa ndi gulu la anthu powaganizira ufiti, mphenzi itapha mtsikana wina. Nkhani imeneyi inaonetsa mmene chala chimathamangira kuloza wokalamba, ngakhale iye ali phee pakhomo pake. Nanga amene amayenda usiku chifukwa cha matenda angapulumuke bwanji? Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Mabungwe monga MANEPO akhala akulankhula mosatopa za nkhanza zimenezi. Koma lamulo limakhala kutali usiku umene anthu atola miyala. Chimene chili pafupi ndi mudzi wodziwa. Banja likapita kuchipatala, matenda n'kulembedwa m'buku la wodwala, kenaka n'kufotokozera anyakwawa, ansembe ndi oyandikana nawo, munthu wokumana ndi gogo uja usiku sadzakuwa. Adzavula chitenje n'kumufunditsa, n'kumuperekeza kwawo. Kubisa kumene tinkati n'kumuteteza ndi kumene kumamusiya pambalambanda.

Kodi nkhaniyi ndi ya mwini yekha?

Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Udindo woyamba uli kwa mwini wake. Ambirife sitili tokha: tikulera zidzukulu, tikusunga ndalama za gulu, tikupereka mankhwala kwa odwala pakhomo, ena tikuyendetsa galimoto kapena kuphunzitsa ana a eni. Msungichuma amene akuona kuti manambala ayamba kumusokoneza, akabisa, tsiku lina ndalama zidzaperewera ndipo adzatchedwa wakuba, dzina labwino la zaka 40 n'kuwonongeka. Gogo amene amaiwala mbaula ili ndi moto, mwana akukwawa pafupi, sakuika pangozi moyo wake wokha. Kupempha thandizo, ngakhale kutula udindo wina nthawi ikadalipo, si kugonja ayi. Ndi kukhulupirika kwa anthu amene amatidalira.

Koma matendawa ali ndi nkhanza yake: nthawi zina amalanda munthu ngakhale kuzindikira kuti akudwala. Iye amaona kuti zonse zili bwino. Pamenepo udindo umagwera ife. Ndipo apa pafunika nzeru, chifukwa munthu wamkulu ali ndi ufulu pa thupi lake. Si mwana woti timunyamule. Kumukalipira, kumuyesa mafunso pagulu kuti, "Tanenani, ine ndine ndani?", kapena kumunena iye ali pomwepo ngati palibe, kumeneko ndiye kuchotsa ulemu kwenikweni. Kumunamiza kuti tikupita kukaona wodwala pamene tikupita naye kwa dokotala kumaphanso chikhulupiriro chimene tidzachifune kwambiri m'tsogolo.

Njira yabwino ndi yakuti alankhule munthu amene iye amamukhulupirira, pa awiri, nthawi ya m'mawa mutu ukadali wopepuka. Mwana akhoza kunena kuti, "Amayi, ndaona kuti masiku ano mukutopa, ndipo zinthu zina zikumakuthawani. Tiyeni tikayezetse BP ndi shuga, tikawauzenso adokotala za kuiwalaku. Mwina ndi magazi achepa. Ndikuperekezani." Mnzake wa mumpingo akhoza kunena kuti, "Achemwali, ife takulira limodzi, sindingakubisireni. Tiyeni tipitire limodzi, nanenso ndikayezetse." Akakana lero, musakangane naye. Dikirani, mudzayambenso tsiku lina, kapena mupemphe mlongo wake, ankhoswe kapena ansembe kuti athandize. Ndipo akavomera kupita koma n'kunena kuti sakufuna kumva zonse, achipatala akhoza kufotokozera amene iye wamusankha. Pokhapokha pamene moyo wake kapena wa ena uli pangozi, monga kusochera, kuyatsa moto kapena kusokonekera mwadzidzidzi, ndi pamene banja liyenera kuchitapo kanthu ngakhale iye asakufuna.

Popita kuchipatala

Yambirani pachipatala chimene muli nacho pafupi. Ngati pakufunika, adzakutumizani kuchipatala cha boma, kumene kumakhala ogwira ntchito ophunzira za matenda a maganizo, kapena kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu zimaonanso anthu ongobwera n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Kupita kumeneko si kukatsekeredwa.

Wodwala asapite yekha. Apite ndi munthu amene amakhala naye, chifukwa dokotala amafuna kumva mbali zonse ziwiri. Tengani buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, ogula kugolosale ndi azitsamba omwe. Musananyamuke lembani papepala kuti vutoli linayamba liti, linabwera mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono, ndi zitsanzo zitatu kapena zinayi za zimene zachitika. Nenani ngati anagwapo, ngati amamwa mowa, ngati akugona bwino, ngati pachitika maliro kapena vuto lina lalikulu. Pamzere pamakhala anthu ambiri ndipo nthawi imachepa, choncho musangoti, "Thupi lonse likuwawa." Nenani mosazungulira kuti, "Tabwera chifukwa cha kuiwala." Adzamufunsa mafunso osavuta, monga tsiku, malo, ndi kukumbukira mawu angapo. Si mayeso a kusukulu, ndipo ngati munthuyo sanapite kusukulu auzeni, kuti asayesedwe ndi muyeso wolakwika. Mukaona kuti simunamvedwe, pitaninso. Kubwereza si mwano.

Amene waiwala sanaleke kukhala munthu

Pansi pa mantha athu onse pali funso limodzi limene sitilitchula: ndikadzaiwala maina a ana anga, kodi ndidzakhalabe ine? Ena amaganiza kuti munthu ndi zimene amakumbukira, ndipo zikatha, watsala ndi chikopa chabe. Makolo athu sankaona choncho. Iwo anati kalikokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Umunthu wa munthu sukhala m'mutu mwake mokha. Umakhalanso mwa amene anawabereka, anawalera, anawadyetsa ndi kuwalangiza. Khanda silidziwa dzina la mayi wake, koma palibe amene amakayika kuti ndi munthu. Chimodzimodzinso mayi amene waiwala dzina la mwana wake akadali mayi. Pajatu mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Ndipo si zonse zimene zimafafanizika. Anamwino amadziwa kuti wodwala amene sangathenso kunena kuti lero ndi lachingati amatha kuimba nyimbo ya m'buku kuyambira vesi loyamba mpaka lomaliza, ndi kutsatira Pemphero la Ambuye osaphonya. Amaiwala kuti munabwera, koma kukoma mtima kumene munamuonetsa kumatsala naye tsiku lonse. Choncho tisamusiye kunyumba Lamulungu poopa kuti atichititsa manyazi. Tikhale naye pabenchi, timupatse ntchito imene manja ake akuikumbukira, monga kusankha nyemba kapena kutongola chimanga. Tikumbukirenso mwana wamkazi kapena mpongozi amene akumusamala usana ndi usiku. Iyeyo amatopa, amalira mobisa, ndipo akhoza kudwala. Mutu umodzi susenza denga. Pamene tikugawana maulendo okaona odwala, tiikepo ndi makomo amenewa, ndipo tikafika tisangopemphera n'kunyamuka. Tikhale maola awiri kapena atatu kuti wosamalayo akagone, akapite kumsika kapena akapemphere nawo anzake.

Tsono yankho langa pa funso lija ndi ili. Kukhala chete si ulemu. Nthawi zambiri ndi mantha athu amene tawaveka chitenje cha ulemu. Ulemu weniweni ndi kumuona munthu kuti ndi woyenera kuuzidwa zoona mwachikondi, woyenera kuyezedwa, woyenera kuchizidwa ngati n'kotheka, ndi woyenera kusamalidwa ngati sizingatheke. Ngati ndinu amene mwaona kusintha m'mutu mwanu, uzani munthu mmodzi sabata ino, ndipo mupangane tsiku lopita kuchipatala. Ngati ndi mayi anu, amuna anu kapena mnzanu wa mumpingo, pezani mawu ofatsa, mumuperekeze. Pa msonkhano wanu wotsatira werengani nkhaniyi pamodzi, ndipo ngati muli ndi namwino kapena dokotala m'parishi mwanu, mupempheni adzayankhe mafunso. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mmene tikuwasungira oiwala a lero ndi mmene ana athu akuphunzirira kudzatisunga ife.

Ambuye akudalitseni nonse ndi mabanja anu.